Dzina la Zelifa pa Munda Woyamba

Loweruka, 3 Ogasiti 2024

Ku Migowi pa njinga, kukaphunzira kompyuta kwa a Tobias. Fumbi, mphepo yozizira yochokera kuphiri la Michesi. Komiti ya sikimu yathu ya mpunga inatuma ine poti ndine mlembi ndipo Fomu 3 ndinaifika. Akufuna pulogalamu yonena munda uti ulandire madzi tsiku liti. Kapena anangofuna kuti ndizitulukako m'nyumba.

Lero taphunzira chotchedwa areyi. A Tobias akuti ili ngati mphasa zoyalidwa mumzere pabwalo, iliyonse ndi nambala yake ndi mpunga wake. Kuwerenga kumayambira pa ziro. Munda woyamba kumutu kwa ngalande ndi wa malemu mkazi wanga, Zelifa. Ndiye Zelifa ali pa ziro.

Lachitatu, 7 Ogasiti

Akuchikazi agwirizana: mundawo autenge Loyce, mng'ono wake wa Zelifa. N'zoyenera. Ine ndine mkamwini, dothi ndi lawo. Zondisudzula akuti mvula isanagwe, ndibwerere kwathu kwa Chiwalo.

A Goodman, apampando a sikimu, anaima kumbuyo kwanga kuti ndisinthe dzina. Ndinafufuta, n'kulemba Loyce. Anaona pa sikirini, anapita okhutira.

Lachinayi, 8 Ogasiti

Ndatsegula pulogalamu m'mawa. Pa ziro: Zelifa.

Ndinangokhala. Tiyi mpaka kuzizira. Kenako ndinalembanso Loyce, poti a Goodman amadutsa pano.

Loweruka, 10 Ogasiti

Ndawafunsa a Tobias, osatchula maina. Anaseka. "Za mu areyi zili pabwalo, bambo mlembi. Mukatseka pulogalamu, mphasa zapindidwa. Nkhokwe yake ndi detabesi, ndipo mukatsegulanso pulogalamu imakatapa zakale zomwe zili m'menemo. Tsegulani kulumikizana, tumizani zomwe mwasinthazo, mutseke." Timizere tochepa ta khodi, malangizo olembera kompyuta. Ndinayesa pa maina ongopeka, zinatheka nthawi yomweyo.

Pa laputopu ya sikimu sindinatilembe. Ndinati batire yachepa. Sinachepe.

Lachiwiri, 13 Ogasiti

Loyce waokera mbande. Amawerama ngati mkulu wake, chitenje chomangira pamwamba pa mawondo. Ndinadutsa mofulumira.

M'mawa uliwonse Zelifa amakhala alipo. Ndimamuyang'ana pang'ono, kenako ndimalemba Loyce. M'nyumba zovala zake anagawana, mbale anatenga. Patsala pano pokha pamene amabwerera. Palibe amene ndikumupweteka. Ndikudziuza choncho.

Lolemba, 19 Ogasiti

Lachisanu ndinali kwa Chiwalo, kukaona denga la nyumba yomwe ndikafikiremo. Kuno a Goodman anatsegula okha laputopu, n'kusindikiza pepala la madzi. Pa munda woyamba: Zelifa. A Makina, amene amatsegula zitseko za ngalande, amatsata pepala basi. Lamulo la sikimu: munda wa malemu sulandira madzi mpaka wolowa m'malo atalembedwa. Madzi anangodutsa.

Ndakaonako. Dothi lang'ambika, mbande zachita chikasu.

A Goodman: "Koma si ndinaona ndi maso angawa mukulemba?" Ndinati kompyuta imatero nthawi zina.

Lachitatu, 21 Ogasiti

Nkhani ili pachigayo, ili pamjigo. Akuti dzina likubwerera lokha, Zelifa akukaniza munda wake. A Makina andiuza pamsewu: "Pepala musinthe kaya musasinthe, ine ndi akufa sindilimbana nawo, amlembi."

Loyce anabwera dzuwa litapendeka. Anakhala kumapeto kwa khonde, mpando anaukana. "Alamu, ndinawalakwira chiyani achemwali? Kuchipatala kuja si ine ndinkawasambitsa?" Akuti mundawo ausiya, asavutitse mzimu. Ana akewo adya chiyani chaka chino?

Ndinamupatsa madzi akumwa. Madzi!

Lachinayi, 22 Ogasiti

Zelifa, iwe unkaboola mzere wa munda wako kuti madzi atsikireko kwa oyandikana nawo, a Makina n'kumakukalipira. Lero ndakusandutsa munthu womana mng'ono wake. Ndiwe wosayankha, ndiye ndakusenzetsa mlandu wanga.

Timizere tija ndatilemba. Batani lotumizira ku nkhokwe sindinadine. Ndikadina ndekha muno, adzangoti mzimu wakhululuka, ndipo Loyce azilima ndi mantha moyo wake wonse.

Lachisanu, 23 Ogasiti

Laputopu m'chikwama, mpaka kumunda woyamba. A Goodman, a Makina, Loyce. Ndanena zonse: mphasa, nkhokwe, batire yomwe sinachepe. Mawu ankatuluka ngati a munthu wina.

A Makina: "Ndiye mzimu uja ndi inu, amlembi?" Palibe anaseka.

Ndinapempha Loyce kuti adine yekha. Anapukuta chala pachitenje, anadina. Ndinatseka pulogalamu, n'kutsegula. Loyce. Anati ndibwerezenso. Loyce. A Makina anapita kuchitseko osadikira pepala.

Mbande za kumtunda sizidzukanso. Ndati mawa ndikapempha zotsala kwa anzathu, ndidzaokere ndekha. A Goodman akuti za ulembi wanga komiti ikambirana. Loyce sanandiyang'ane. Pochoka anangoti, "Mukanandiuza, alamu. Nanenso ndikanabwera kudzawaona achemwali pa sikirinipo."

Loweruka, 24 Ogasiti

Manja atsegula okha laputopu, mwa chizolowezi. Pa ziro: Loyce. Pabatani patsala kadothi kouma. Sindinapukute.

Njinga ili panja. A Tobias anati lero tiphunzira kusunga kope la detabesi musanasinthe kanthu.

Akanayamba ndi phunziro limenelo, dzina la Zelifa likanatsala penapake.