Mawu Athu Anatuluka m'Masipika a Apongozi

Karakol,
19 Okutobala

Okondedwa achemwali anga a Cholpon,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu pamodzi ndi alamu anga ndi ana kumeneko ku Bishkek. Chifuwa cha Aizirek chija chinatha? Kuno tadzuka bwino. Mbatatesi takumba, maapozi tathyola, ndipo chipale chayamba kale kuyera pamwamba pa mapiri. Amuna anga a Kubat akadali ku Naryn kumene akukonza msewu, akuti abwera mwezi ukatha.

Mudabwa kuti kalata ndi yachiyani pomwe foni ndili nayo. Sabata ino ndakuimbirani katatu, koma mukangoti "halo" ine ndimayamba kufunsa za nyengo. Nkhaniyi pakamwa ikundikanika. Ndipo si ya ine ndekha, inunso mulimo.

Galimoto ya apongozi aamuna mukuidziwa, yoyera ija yochokera ku Japan, ya chiwongolero cha kumanja. Wailesi yake ndi yomwe inabwera nayo kuchokera kufakitale. Imagwira siteshoni imodzi yokha, nayonso mukangotuluka m'tauni imasanduka phokoso, ndipo polowetsa CD panafa kalekale. Bambo amakonda nyimbo za komuz, kagitala kathu ka zingwe zitatu kaja, ngati chakudya, koma pa ulendo amangodziimbira mluzu okha.

Tsono ine ndinakumbukira kachoimbira nyimbo kaja munandipatsa mutabwera mu Julaye. Ndinafunsa kumsika, ndipo wogulitsa zamagetsi wina anandiuza kuti mawailesi amenewa kumbuyo kwake kuli soketi yomwe opanga anasiyira bokosi la ma CD ambiri. Anati ukalowetsapo kachipangizo kamene iwo amati adaputa, wailesi imaganiza kuti bokosi lija lafika, ndiye imaimba chilichonse chomwe walumikiza ku waya wake. Ndinagula.

Ndisabise, achemwali. Sindinachite izi chifukwa cha chifundo chokha. Zaka zisanu ndili pakhomo pano, ndipo ndinkafuna aone kuti mtengwa wawo si wongothira tiyi, kuti sayansi yomwe ndimaphunzitsa kusukulu ija ndimaidziwadi.

Lachinayi masana ndinachotsa waya wa batire, n'kukulunga supuni ndi kansalu kuti ndikanulire pulasitiki yozungulira wailesi. Bambo anaima pambali, chisoti chawo choyera chili kumutu, manja kumbuyo, akupuma mokweza nthawi iliyonse pulasitiki ikati thee.

"Mtengwa," anatero, "ukathyola chimenecho, ine ku Japan kulibe wachibale."

Masikuluu anali anayi. Atatu anatuluka bwinobwino, lachinayi linagwera kuseri kwa giya, ndipo ndinatha ola lathunthu ndikulivuula ndi maginito omangirira ku ulusi. Nditasolola wailesi ndinaipeza soketi ija, yodzaza fumbi. Pulagi inalowa n'kumveka kuti tche. Waya ndinaudutsa kuseri mpaka m'kabokosi koika mapepala, ndinabwezeretsa zonse, ndipo nditayatsa, komuz inamveka m'masipika onse anayi ngati woimbayo wakhala pampando wakumbuyo.

Bambo anakhala pampando wawo chitseko chili chotsegula, akumvetsera mpaka nyimbo inatha. Kenako anati zaka zonsezi sankadziwa kuti galimoto yawo ili ndi mawu okoma chonchi. Amayi, apongozi aakazi, anatuluka m'nyumba manja ali ufa okhaokha, akufuula monga mwa masiku onse kuti tikuononga chiyani. Bambo analoza wailesi. Amayi anangogwedeza mutu n'kubwerera. Mumtima ndinati, aona kuti ndayamikiridwa, zawapweteka.

Loweruka tinanyamuka m'mawa kupita ku Kyzyl-Suu, ku ukwati wa mdzukulu wa alongo awo a Bambo. Bambo ankayendetsa, Amayi anakhala pambali pawo, ine kumbuyo nditanyamula pamiyendo mabeseni awiri a timandasi ta boorsok. Kachoimbira kaja kanali m'kabokosi kutsogolo kwa maondo a Amayi, kakuimba nyimbo imodzi ikatha inzake.

Tili pakati pa ulendo tinakumana ndi nkhosa zotsika kumapiri, zodzaza msewu wonse. Bambo anachepetsa liwiro, manja onse awiri pa chiwongolero. Nyimbo inatha. Kunamveka mphepo, kenako mawu anu.

"Kodi kayamba kujambula? Tayankhula timve."

Mwakumbukira tsopano. Tsiku lija tinakhala m'munda wa maapozi tikuyesa batani lojambulira mawu. Ine ndinaiwaliratu kuti sitinafufute.

Ndinadzimva ndekha ndikutsanzira Amayi, mokweza, m'masipika anayi omwe ndinkanyadira aja. "Mtengwaaa! Tiyi wazizira!" Inu mukuseka. Kenako ndinafotokoza mmene ukawafunsa za nkhosa amayankha za mvula, ukawafunsa za mchere amati mwana wagona. Inu munatchula dzina lawo, Burulcha, dzina lomwe ine sindinalitulutsepo pakamwa chikwatiwire, n'kunena kuti amafuula ngati woitanira minibasi pa siteji. Ine ndinalibwereza dzinalo. Ndinati nkhalambayi mutu wayamba kusokonekera, ndipo amuna awo ndi munthu wa Mulungu popirira zaka zonsezi ndi wailesi yosathima.

Ndinafuna kudumphira kutsogolo, koma mabeseni anali pamiyendo. Ndinati Bambo athimitse, koma mawu anga sanamveke ngakhale kwa ine mwini. Nkhosa zinkadutsa mbali zonse, m'busa akumenya chikwapu pafupi ndi galasi. Zinatenga mwina mphindi ziwiri Bambo asanamasule dzanja n'kuthimitsa. Ndinkangoona kumbuyo kwa khosi lawo.

Amayi anatembenuka. Achemwali, anali akumwetulira.

"Amenewo si mawu a mtengwa wathu? Wayamba kuyankhula pa wailesi?" anafunsa. "Akuti chiyani? Ndamva ngati dzina langa."

Bambo anayang'ana msewu kanthawi. Kenako anaweramira ku khutu lawo n'kunena mokweza kuti, "Akuti buledi wako palibe womuposa mu Karakol monse."

Amayi anaseka, anatambasula dzanja kumbuyo n'kundisisita bondo.

Ku ukwati sindinadye. Amayi anauza amayi onse a patebulo lathu kuti mtengwa wawo anawajambulira mawu owayamikira pamodzi ndi mkulu wake wa ku Bishkek, ndipo anaitana atatu kuti tipite kugalimoto akamve okha. Ndinaimirira kuti ndiwatsatire. Bambo ndi amene anandipulumutsa, anati waya wapsa, sizikuimbanso. Amayi ena aja anandiyamikira ndithu, wina anati akanakonda mtengwa wake akanakhala ngati ine.

Titafika kunyumba dzuwa lisanalowe, Amayi analowa kukasintha. Bambo anandiitanira kuseri kwa khola n'kundipatsa kachoimbira kaja atakakulunga m'kampango kawo. Anandiuza kuti khutu lamanzere la Amayi linafa zaka ziwiri zapitazo, ndipo lamanja likutsatira. Amafuula chifukwa sadzimva okha. Amayankha zina chifukwa amangoganizira zomwe wafunsa poyang'ana milomo. Anawalumbiritsa Bambo kuti asauze munthu, ngakhale mwana wawo, poopa kuti pakhomo tiyamba kuwayesa katundu.

"Sindikukalipira," anatero. "Koma lero wandinamitsa kwa mkazi wanga. Zaka makumi anayi ndi ziwiri, bodza la mtundu umenewu ndinali ndisanamuuzepo."

Ananyamuka kukatsekera nkhosa. Akanandikalipira bwenzi zili bwinoko.

Ndinayamba kukumbukira zinthu. Mmene Amayi amandigwirira paphewa kuti ndiwayang'ane ndikamayankhula, ine n'kumati ndi ulamuliro. Mmene anasiyira kupita kukacheza kwa anzawo. Tsiku lija anagwedeza mutu pa galimoto n'kubwerera m'nyumba, sanamve nyimbo iliyonse. Ine wophunzitsa ana za mmene mawu amayendera mumpweya, zaka ziwiri ndikudya mbale imodzi ndi munthu wogontha, osazindikira.

Masiku anayi otsatira anali oipa kuposa Loweruka lija. Amayi ankaphika buledi tsiku lililonse, ndipo woyamba kutuluka mu uvuni, wotentha, ankandinyemera ine pamaso pa Bambo. Lachiwiri anakulunga wina m'nsalu kuti ndikapereke kwa dalaivala wa minibasi akubweretsereni inu. Sindinatumize. Ali pamwamba pa kabati mpaka lero, wauma.

Lachinayi m'mawa ndinawapeza pa uvuni panja akuumba mtanda. Ndinagwada pambali pawo n'kuyamba kunena motsitsa mawu, maso ali pansi, monga mmene munthu amapepesera.

"Ukuti chiyani? Kweza mawu!"

Ndiye ndinakweza. Zonse zija, achemwali, ndinazinena mofuula pabwalo, za minibasi, za wailesi yosathima, za mutu wosokonekera. Mayi wa nyumba yoyandikana nafe ankayanika zovala kuseri kwa mpanda, ndipo ndinaona manja ake ataima m'mwamba ndi malaya. Sindikanatha kutsitsa. Pomwe sanamve ankandiuza kuti ndibwereze, ine n'kubwereza.

Sanasiye kuumba mpaka ndinamaliza. Kenako anapukuta manja.

"Ndinadziwa m'galimoto momwemo," anatero. "Mawu sindinawamve onse, koma maso ndili nawo. Khosi la abambo ako linafiira, iwe nkhope inali ngati ufa uwu. Ndipo munthu woyamikira buledi saseka choncho."

Ndinafunsa kuti nanga ku ukwati kuja, nanga buledi wa masiku onsewa. Anati anakwiya, ndipo ankafuna aone kuti ndimeza masiku angati. Anati ankayembekeza asanu ndi awiri, ndawadabwitsa pang'ono.

Atatero anakhala pa chitsa n'kundifunsa, motsitsa mawu kwa nthawi yoyamba chiwadziwire, ngati amafuuladi choncho. Ndinati inde. Anafunsa ngati anthu kumsika amawaseka. Ndinati ena. Misozi inatsika, sanaipukute. Anati za minibasi zija ndi zopusa chabe, koma za mutu ndi zomwe zawalasa, chifukwa iwonso akhala akudzifunsa okha ngati ndi makutu okha kapena nzeru nazo zikupita. Amayi awo anamwalira osazindikira ana awo, ndipo zinayamba ndi kuyankha zosiyana ndi funso.

Ndinangowagwira dzanja, ndipo sanalichotse, koma sanandigwirenso.

Musaganize kuti zatha. Amandiyankhula, timaphikira limodzi, koma kale ankati akasangalala amandiitana "mwana wanga". Tsopano ndi "mtengwa" basi. Bambo sanayatsenso wailesi, ngakhale adaputa ija ili momwemo ndipo zojambula zija ndinafufuta. A Kubat ndinawauza pa foni. Anangoti tidzakamba akabwera. Sindikudziwa kuti tidzakamba zotani.

Sindikulemba kuti ndikusenzeni mlandu. Inu munali mlendo wa sabata imodzi, munaseka zomwe ine ndinakupatsani kuti museke. Wokhala pakhomo pano ndine.

Koma pali pempho. Dzulo Amayi avomera kukaonana ndi dokotala wa makutu ku Bishkek. Akuti bola akauzidwe zoona, kaya ndi makutu kaya ndi mutu, kusiyana n'kumangodzifunsa. Tapeza malo pa 3 Novembala, ndipo tifunika kugona masiku awiri. Bambo anati tifike kwa mphwawo. Amayi anakana. Anati tikafikira kwa achemwali a mtengwa, amene amawadziwa bwino aja.

Chonde tilandireni. Ndikudziwa kuti mukamaliza kuwerenga kalatayi mufuna kupeza chifukwa choti tsikulo mudzakhale kutali, chifukwa inenso ndikanatero. Musatero. Musakonze mawu ambiri, sadzawamva onse. Mudzakhale kudzanja lawo lamanja, muwayang'ane kumaso, muyankhule pang'onopang'ono, ndipo mukonzekere kubwereza mokweza ana anu akumva. Ine ndidzakhala pomwepo.

Ndawauza kuti ndikukulemberani. Akuti ndikupatseni moni, ndipo tiyi amamwa wamphamvu, wa mkaka. Akutinso akufuna mudzawaonetse pamaso pawo mmene woitanira minibasi amafuulira, chifukwa m'galimoto muja sanamve bwino. Ndawayang'anitsitsa nkhope, sindinathe kudziwa ngati akuseka.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, kwa Aizirek ndi kwa Nurdan, muwauze kuti amayi awo aang'ono akubwera ndi maapozi. Mukaimbira amayi athu ku Talas muwapatse moni, koma nkhani iyi ndidzawauza ndekha. Mulungu akusungeni, asunge nyumba yanu, ndipo atipatse tonse awiri mphamvu pa tsikulo.

Ndine mng'ono wanu,
Meerim