Wezulo pa Kiyi ya Nambala 17

Lachiwiri, 25 Febuluwale

Ndakachiona. Chipinda chimodzi, nsanjika yachisanu, mseu wachiwiri kuchokera ku paki ya Cișmigiu. Mapazi asanu ndi awiri m'litali, asanu m'lifupi. Ndayesa ndekha a Tudorel, otsatsa nyumba aja, ali pa foni. Bedi, makina anga osokera, mpando umodzi. Wachiwiri wa ndani? Bafa loti sopo akagwa uyambe watuluka kuti uwerame.

Mayuro 52,000. Ndalama zogulitsa munda wa mphesa wa malemu bambo zikukwana ndendende. Pakati pa Bucharest, mtengo umenewu?

Ndisanalowe ndinayang'ana pakhomo, monga amachitira aliyense, ngati pali chimbale chofiira chija amakhoma pa nyumba zoti zidzagwa chivomerezi chachikulu chikadzabwera. Palibe. Bokosi la zidziwitso lokha, latsopano.

Chondidabwitsa n'chakuti pa kiyi pali wezulo wachikasu. A Tudorel akuti, "Za eni ake izo, mayi. Kaya anali oimbira mpira."

Lachinayi, 27 Febuluwale

Zaka 19 ndikugona pa sofa ya achimwene a Zamfir ku Militari, kumphepete kwa mzinda. Lero mlamu Rodica wandisunthiranso nsalu za makasitomala. "Sanda, pabalaza si pa khonde la telala." Mosekerera. Zonse amanena mosekerera.

Achimwene atamva mtengo: "Chikomekome cha mkuyu, mlongo, m'kati muli nyerere. Bwanji akufuna ndalama pamanja, osadzera ku banki?"

Ndikufuna chitseko changa. Chotseka ine, chotsegula ine. Koma funso lawo landikhala pamtima.

Loweruka, 1 Malichi

Ndinapitanso kukayesa zenera. Misewu yonse anthu ogulitsa tiulusi tofiira ndi toyera tolandirira nyengo yofunda. Ndagula kamodzi.

M'chikepe bambo wa tayi, makiyi m'manja, wezulo. Mayi wa galu, wezulo. Nyumba yonse oimbira mpira?

Kabati ya m'chipinda ndi yomangirira kukhoma ndi zitsulo. Ya nambala 18 nayo chimodzimodzi, ndinasuzumira eni ake atatsegula. Ndi mayi Veturia, zaka 81, milomo yopaka bwino. Kuseri kwa chitseko chawo nsapato zoloza kunja, botolo la madzi, kachikwama. "Ndinu ogula? Tulo tanu n'totani, mumamva msanga?" Funso lanji limenelo kwa mlendo?

Rodica akuti mndandanda wa nyumba zoopsa umapezeka pa foni, mphindi imodzi yokha. Ndati mawa.

Lachiwiri, 4 Malichi

Mawa lija silinafike.

Masana ndawapeza mayi Veturia akuyatsa kandulo pa masitepe. Tsiku ndinaliiwala. 4 Malichi, 1977, usiku wa chivomerezi chachikulu. Ndinali ndi zaka zinayi, ndimangokumbukira bulangete ndi phewa la bambo.

Ndinawafunsa za wezulo. Anandigwira mkono mpaka pansi, pakhomo lalikulu. Bokosi la zidziwitso lija n'longokoleka pa misomali iwiri. Analitukula ndi ndodo yawo. Kuseri, chimbale chofiira, chachikulu ngati mbale yodyera.

"Lamulo likuti chikhale pakhoma. Sichili pakhoma?"

Ndinaseka.

Amuna awo usiku umenewo anali m'nyumba ya tsidya la mseu, pomwe pano amaimikapo magalimoto. Anawafukula tsiku lachinayi. "Mawu amatha tsiku loyamba, mwana wanga. Mpweya ndiwo umatsala." Aliyense wolowa m'nyumbayi amamugulira wezulo ndi ndalama zawo za penshoni.

A Tudorel ndawakwiyira. Koma kunena zoona ndinadziwa Loweruka. Mwana wa mumzinda uno angaone kabati yomangirira osadziwa?

Lachisanu, 7 Malichi

Kosainira mapepala ndi Lolemba. Sindinakane, sindinavomere.

Ndawauza kunyumba za chimbale chija. Ndimayembekezera "sitinanene?" Ayi. Achimwene anavula magalasi, maso ofiira. "Ukakafera m'menemo, kumanda kwa bambo ndikanena chiyani? Munda wawo ukugulire bokosi?" Rodica anangonyamuka n'kubwezera nsalu zanga pa tebulo, n'kuzisalaza ndi dzanja. Zimenezi zandiwawa kuposa kusekerera kuja.

Ndalama zomwezi kuno ku Militari ndingapeze zipinda ziwiri, nyumba yolimba, mseu umodzi ndi iwo. Rodica angakhale ndi kiyi yachiwiri sabata isanathe.

Akatswiri akuti chachikulu chikhoza kubwera mawa, kapena patapita zaka makumi atatu. Ine ndili ndi 52. Ndikufunitsitsa kudziwa: anthu aja amagona bwanji? Amagonadi?

Mayi Veturia tsiku lija potsanzikana: "Ine ndadikira zaka 48, koma m'nyumba yanga. Inu pa sofa paja mukudikira chiyani?"

Loweruka, 15 Malichi

Ndasamuka.

Ndinawauza a Tudorel kuti bokosi ndinalitukula. Anatsitsa zikwi zisanu osaphethira. Ndiye kuti akanatsitsa khumi. Chitsiru ine.

Achimwene anyamula makina masitepe onse, chikepe achikana. Tebulo alimangirira kukhoma okha. Pochoka anaima pakhomo nthawi yaitali, akuyang'ana kudenga. Rodica watumiza mphika wa msuzi ndi makatani ake a pabalaza.

Wezulo ndamumangirira ku kaulusi kofiira ndi koyera, ali m'khosi. Ndamuyesa kamodzi. Mayi Veturia agogoda khoma kawiri. Akumva.

Nsapato zaloza kunja. Botolo ladzaza. Dzuwa lili pa makina, nsonga za mitengo ya m'paki zikuoneka ndikaimirira. Ndatseka chitseko, ndatsegula, ndatsekanso. Palibe wandifunsa kanthu. Ndasangalala, ndipo ndikuchita mantha, zonse pamodzi.

Nyale yakudenga ikugwedezeka. Akuti basi ikadutsa pansipa imatero, imaleka usanawerenge kasanu.

Modzi, wiri, tatu