Dothi la ku Katete

Chelstone, Lusaka
Ogasiti 2020

Alamu anga a Gilson,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joni kumeneko. Kuno tilipo, Towela akukula, ine ndikugulitsabe tomato pamsika.

Pa wailesi akuti maboma ena akupatsa makampani a ndege ndalama kuti asagwe ndi mliri wa koronawu. Anzanga pamsika akukalipa, ati ndalamazo bwenzi atagulira mankhwala. Ndege zikanakhala kuti zimauluka mu Meyi, achimwene anu, bambo a Towela, akanagona ku Katete pafupi ndi mayi awo, osati m'dziko la eni.

Mukudziwa kuti kuno ndege zimadutsa pamwamba pa nyumba. Masiku ano kumwamba kuli zii. Koma Lachiwiri masana ndikuchapa ndinamva ina ikutsika, ndipo ndinangozindikira ndawatenthetsera achimwene anu madzi osamba ngati akubwera. Towela akuti sanamve kalikonse.

Ndinapita kumudzi kukatapa dothi pamanda a apongozi. Lili m'chitini pansi pa bedi. Ndege zikayambanso ndidzapatsira munthu. Mukalithire pamanda a achimwene anu, chifukwa ine mkazi wawo sindinaponye ngakhale kadothi.

Zikomo poyendetsa maliro nokhanokha. Munati achipatala anakupatsani bokosi lokhoma kale, nakuletsani kutsegula. Ndiye kodi alipo amene anaona nkhope? Ayi, musandiyankhe, alamu. Kungoti nsapato zawo ndikuzipukutabe.

Ndine mlamu wanu,
Bernadette