Wailesi pamimba pa bambo

Lachinayi madzulo. Lero mtima wanga wapsa.

Pochokera kudimba ndapeza bambo agona pamphasa, wailesi ili pamimba, ikulira mokweza. Ndimayesa mutu wawasokonekera. Ayi, akuti akudzichiza chotupa chawo cha m'mimba.

Paja tsiku lina tinamva pawailesi yomweyo kuti kunja madokotala akuyesa mankhwala otsekeredwa m'timatumba ting'onoting'ono. Timatumbato timayenda m'magazi osatseguka, mpaka makina onga ounikira amayi oyembekezera atatiomba ndi mafunde ake a phokoso pamene pali chotupa. Ndiye wina wake kumsika wa Biriwiri wawagulitsa bambo makapisozi wamba, n'kuwauza kuti phokoso lililonse limawatsegula. Mankhwala akuchipatala asiya, angokhala m'thumba la jekete.

Ndawafunsa kuti, "Bambo, inu munayenda mpaka kumigodi ku Joni, lero mukupusitsidwa ndi wogulitsa mankhwala a makoswe?"

Akuti, "Mwana wanga, akuchipatala aja amandisanzitsa. Awa akupita pachotupa pokha."

Zosanzazo n'zoona, poti masanziwo amakolopa ndine. Mawa ndilawirira ku Biriwiri, munthu ameneyo akandidziwe. Wailesi ndaichotsa mabatire, koma bambo akadali chiikumbatire pamimba.