Abambo Ako ndi Mawu Awo Amodzi

Mwana wanga Malita,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko, iwe ndi mdzukulu wanga Tadala. Kuno ku Domwe tadzuka bwino, ndipo bondo la abambo ako lasiya kuvuta.

Ine ndi abambo ako tayamba kuphunzira Chingerezi kuparishi Loweruka lililonse, chifukwa ndatopa kumangoti "eee" Tadala akamandiyankhula pafoni. Aphunzitsi athu, amene timawatchula kuti apulofesoli, anatiphunzitsa kuti ponena za dzulo, mawu ambiri umangowawonjezera "ed" kumapeto. Kenako anati aliyense aimirire, anene zimene anachita dzulo lake. Ine ndinayamba kuti, "I cooked, I washed, I planted, I carried," mpaka apulofesoli anati zakwana, mayi, khalani pansi. Abambo ako anaimirira, nakonza jekete bwinobwino, nati, "I rested." Tonse tinafa nalo phwete! Lolemba m'mawa ndinawapeza ali kale kudimba, akuthirira kachewere. Akuti sakufuna kukachitanso manyazi Loweruka likubwerali.

Umuuze Tadala aimbe Lamulungu, andifunse za dzulo. Ndili nazo zambiri zomuuza. Agogo ake aamuna nawonso tsopano ali ndi mawu awiri.

Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mayi ako,
Nachisale