Mayina Osowa pa Mwala wa Kudoko

Jérémie,
12 Febuluwale, 2018

Okondedwa achimwene Fénelon,

Kalata yanu ndalandira, pamodzi ndi mankhwala a miyendo a abambo. Zikomo kwambiri. Koma zoti ndisiye kufufuza za kumira kwa sitima ya Sainte-Philomène, pepani, sindisiya.

Mwala wachikumbutso uja wa kudoko la kuno ku Jérémie uli ndi mayina 112, koma la amayi athu palibe. Nditafunsa ku ofesi yosunga zolembedwa, mlembi anati analemba okhawo amene anali ndi matikiti, ndipo anafuna umboni woti amayi anakweradi. Ndinamuuza kuti umboni ndine, amene ndinakula wopanda mayi kuyambira ndili ndi zaka zitatu.

Choncho ndakhala ndikuyenda khomo ndi khomo ndi kope langa. Ena amandipitikitsa, ati ndikudzutsa akufa. Komabe ndinapeza mayina 61 amene sali pamwalapo, ambiri ndi a amayi amene ankakagulitsa khofi ndi makala ku Port-au-Prince.

Lachiwiri ndinafika kwa mayi Saintilia, amene anapulumuka atakakamira thumba la makala mpaka asodzi atawavuula. Ananditchulira anzawo asanu, kenaka anandiyang'anitsitsa. “Ukudzivutitsiranji, mwana wa Dorméus? Woona matikiti padoko anali bambo ako. Ndi amene ankatilowetsa opanda matikiti, sitima itadzaza kale.”

Inu munali ndi zaka khumi ndi zisanu, achimwene. Munkadziwa. Tsopano ndamvetsa chifukwa chake mwakhala ku Montréal zaka zonsezi osabwera, ndiponso chifukwa chake mukundiletsa.

Nditafika kunyumba ndinaika kope lija pamiyendo pa abambo. Sanakane. Anati amayi amalonda aja ankawachonderera kuti sangadikire sitima ina sabata yathunthu, iwo n'kumayesa akuwachitira chifundo. Anandiuza kuti ndiwawerengere mayina onse, ndipo anandikonzera awiri amene ndinalakwitsa. Kenaka anati, “Tenga cholembera.” Anatchula mayina ena 38 osapunthwa, ndi midzi yawo yomwe. Lomaliza linali la amayi athu. “Ameneyo ndinamukweza ndi dzanja ili, anali womaliza kulowa.”

Pa 3 Malichi zikwana zaka makumi anayi kuchokera pamene sitimayo inamira. Ndikaima padoko n'kuwerenga mayina onse mokweza. Azakhali akuti ndikuvula banja pagulu, ndipo asiya kundilankhula. Asiye. Abambo akuti ndiwanyamulire mpando akakhale pambali panga, ndipo wofuna kuwatukwana awatukwane akuwaona. Sindinawakhululukire, musaganize choncho, koma mpandowo ndinyamula.

Sindikukupemphani kuti mubwere. Ndikungokudziwitsani.

Abambo akupereka moni, ndipo akufunsa ngati mudakali ndi chifuwa chija. Moni kwa alamu anga ndi kwa ana. Muwauze anawo kuti agogo awo aakazi dzina lawo linali Altagrâce, ndipo muwaphunzitse kulilemba.

Ndine mlongo wanu wamakani uja,
Ginette