Madzi a Pinki Anathera kwa Majken

Torbjörn,

Galimoto ili kugalaja, ine ndapita kuntchito pa basi. Injini yatentha ndisanafike n'komwe pamlatho, nthunzi ili tolotolo, ine chiimire m'chipale chofewa ngati chitsiru.

Makaniko wati munali madzi oziziritsa injini a pinki, wina n'kuthiramo abuluu. Awiriwa akasakanikirana amasanduka phala. Iwe zimenezi umazidziwa bwino. Si paja Loweruka unaswera kumufotokozera neba wathu Majken, mutu uli m'boneti ya galimoto yake? Botolo la pinki lija ndinagula ndine, ndipo ndaliona pakhonde pake lopanda kanthu. Mkazi wako ndiye woyenera kumuthirira abuluu otsalira m'shedi eti?

Uwaimbire akugalaja masana ano, akufuna atsuke mapaipi onse. Ugule a pinki, uwerenge pabotolo mofatsa ngati mmene unachitira kwa mnzakoyo.

Pepa, mabanzi a sinamoni amene Majken anakuphikira aja ndamupatsa makaniko. Wati ngouma.

Madzulo udzanditenge, panja pakuzizira. Yathu ikakhala isanakonzeke, kabwereke ya Majken. Imeneyo ndiye ikuyenda bwino, ndi madzi anga.

Gunnel